Khutu la ababa ndi mpando wa bwana manijala

Ndikukumbukira chaka chimene khutu lakumanzere la ababa linafa. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo tinkakhala m'nyumba ya kampani kuseri kwa fakitale ya tiyi, pa esiteti ina kufupi ndi Makwasa. Nyumbayo inali yaing'ono, koma inali ya njerwa ndipo inali ndi magetsi. Pa esiteti magetsi ndiwo ankasiyanitsa anthu. Othyola tiyi ankakhala kumalaini, kumunsi kwa munda wa bulugama, nkumaunikira koloboyi. Ife tinali ana a fita, wokonza makina a mufakitale, ndipo kunena zoona tinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Ababa, a Mulipa, ntchito yawo inali yomvetsera makina. Ankatenga sikuludilaiva yaitali, nsonga nkuigunditsa pa makina odula masamba, chigwiriro nkuchiika pakhutu, basi nkunena kuti belingi iyi, kachitsulo kozungulira mkatimu, sifika Loweruka. Koma makina omwewo, amene ankabangula kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndiwo anawadya khutu. Zinayamba ngati nyenje ikulira mkati, kenako nyenjeyo inatonthola, khutu nkutonthola nayo limodzi. Pakhomo pathu tonse tinazolowera kulankhula mokweza, moti ine ndinkayesa kuti anthu onse amalankhula choncho.

Amayi, mwana wa ku Chimaliro amene akakwiya ankathawira ku Chilomwe, anatikhazika pansi ine ndi azing'ono anga.

"Za khutu la abambo anu zithere m'nyumba muno," anatero. "Fita wosamva amamuchotsa. Ntchito ikapita, nyumba inonso yapita. Mwamva?"

Tinamva. Ngakhale mng'ono wanga amene pakamwa pake sipankagona nkhani anaisunga imeneyi.

Chuma cha ababa chinali ampulifaya yakale, makina okuzira mawu a zimbale, imene mzungu wina anaisiya pobwerera kwawo itafa, iwo nkuidzutsa. Inali ya mavalavu, timabotolo tagalasi timene timaimirira pamwamba pake nkumayaka mofiirira tikatentha. Lamulungu masana, tikabwera kutchalitchi, ankaiyatsa nkuisiya kaye kuti ifunde, fungo la fumbi lopsa nkudzaza m'nyumba. Masipika anali awiri, ina kumanzere, ina kumanja, ndipo ababa ankati mavalavu sabadwa ofanana. Ena amakoka kwambiri, ena ndi aulesi. Ankawayeza ndi mita nkuwaika awiriawiri, wamphamvu ndi wamphamvu mnzake, koma mita inkangowafikitsa pafupi. Chotsiriza chinali khutu.

Mbali iliyonse inali ndi kabatani kake kopotokola kotchedwa geni, ndipo pakati panali batani lalikulu la voliyumu. Ababa ankakonda kufotokoza zimenezi ngakhale kwa munthu amene sanafunse.

"Geni ndi khomo lolowera mawu, voliyumu ndi lotulukira," ankatero. "Voliyumu uiike pang'ono, uisiye. Ulimbane ndi geni mpaka woimba aime pakati pa masipika. Ukaonjeza geni, mawu aphwanyikira polowera. Ndiye ngakhale utsitse voliyumu, ukungotsitsa zophwanyika kale."

Khutu litafa, sankathanso kudziwa ngati woimba waima pakati kapena ayi. Kwa iwo aliyense ankaimbira kumanja. Ndiye ankayala mkeka pakati pa chipinda, nkundiitana kuti, "Estere, bwera undibwereke khutu." Ndinkakhala pamkekapo, nkumanena kuti kumanzere kwachepa, kapena kwachuluka, mpaka mawu a woimba ataima patsogolo panga penipeni. Ndinkainyadira ntchitoyi. Koma chifukwa chimene mkeka unkayalidwira pamenepo sindinafunsepo. Ndinkangoti ndi malo anga, monga momwe mpando wa nsungwi unalili malo a ababa.

Tsiku lina ababa anabwera kuchokera kuntchito nkhope ili gwa. Bwana Chavula, manijala wa fakitale, munthu wa kumpoto amene anaphunzira kunja, anali ndi ampulifaya ya mavalavu imene anabwera nayo kuchokera komweko. Mnzawo wina anali atawabweretsera mavalavu atsopano kuchokera ku Joni, ndipo anamva kuti a Mulipa amazidziwa zinthu zimenezi. Anawaitana kuti Loweruka masana akawaikire.

"Mukanene kuti mukudwala," amayi anatero.

"Ndidwala Loweruka lililonse?" ababa anayankha. "Ndipita ndi Estere."

Koma mwana sakanatha kumalangiza bambo ake pamaso pa bwana osadabwitsa anthu. Choncho tinapangana za mawondo. Kumanzere kukachepa, ndigwire bondo lakumanzere. Kumanja kukachepa, lakumanja. Woimba akaima pakati, ndipinde manja. Tinayeserera pamkeka mpaka amayi, amene ankatsutsa, anayamba kuseka. Ine ndinagona ndikudziona ngati munthu wamkulu amene wanyamula nyumba yonse pamutu.

Lowerukalo kunali chiperoni. Kamvula kosamveka kugwa kankanyowetsa zovala, ndipo kanjira kodutsa m'tiyi kanali koterera. Patapata wanga anaduka tisanafike pakati, moti ndinamunyamula m'manja. Pofika kumtunda kumene kunali nyumba za mabwana, mapazi anga anali atavala dothi lofiira mpaka m'misomali. Tinazungulira kukhomo lakuseri. Anatsegula ndi akazi a bwana, mayi wooneka bwino wonunkhira sopo, ndipo ine ndinagwada monga ndinaphunzitsidwira.

"Tili bwino, kaya inu amayi!" ndinayankha atandipatsa moni.

Anadzidzimuka, kenako anaseka atagwira pachifuwa. "Iii, mwanawe, mawu onsewa? Ngati uli mufakitale!"

Sananene mwachipongwe, ndikudziwa tsopano. Koma ine ndinamva kutentha kuyambira m'khosi mpaka kumakutu. Kanali koyamba kumva mawu anga momwe ankamvekera kwa anthu ena. M'nyumbamo munali zii, wotchi yokha ikugunda pakhoma, ndipo moni wanga unali utagwamo ngati beseni. Ndinapukuta mapazi pachiguduli mpaka khungu kuwawa, koma nditaponda kapeti ya pabalaza ndinaona zala zisanu zofiira zitatsalira m'mbuyo mwanga. Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe.

Pabalazapo panali zinthu zochepa. Ampulifaya inali patebulo lalifupi kukhoma, yonyezimira, yolemera poiona. Masipika anali aatali ngati ine, ina pafupi ndi zenera kumanzere, ina pafupi ndi khomo kumanja. Ndipo pakati pa chipinda, payekha, panali mpando waukulu wachikopa, woyang'ana kumasipikawo. Aliyense akanadziwa kuti ndi wa ndani.

"Mwabwera ndi wothandiza, a Mulipa?" bwana Chavula anafunsa akumwetulira.

"Amakonda nyimbo, bwana."

"Akhale pomwe akufuna."

Pomwe ndinkafuna panali kunja, koma popeza sizikanatheka, ndinagwada pafupi ndi khomo, mapazi nditawabisa m'diresi. Mwana wa pa esiteti akalowa m'nyumba ya bwana amakhala pamenepo. Sipika yakumanja inali pambali panga, moti ndikanatha kuigwira ndi dzanja.

Ababa anagwira ntchito yawo bwinobwino. Anachotsa mavalavu akale ndi kansalu, anayeza atsopano ndi mita, anawaika awiriawiri, nkuyatsa kuti afunde. Bwana anawasankhira chimbale cha mayi wina woimba yekha ndi gitala, kenako foni inalira kuchipinda china, iwo nkutuluka. Apo ababa anandiyang'ana, nkuona pomwe ndinali. Anandikodola ndi chibwano kuti ndisendere pakati. Ndinasendera pang'ono, kutalika kwa mkono, nkuima. Kupitirira apo kunali kapeti yoyera, ndipo akazi a bwana ankadutsadutsa pakhomo. Ababa anayang'ana mpando uja, nkundiyang'ananso ine. Fita angauze bwanji mwana wake wamatope kuti akhale pampando wa manijala? Anatembenuka nkuika singano pachimbale.

Mawu a mayi uja anatulukira pambali panga, amphamvu, oyera. Kuzenera kuja kunkangomveka pang'ono. Ndinagwira bondo lakumanzere. Ababa anapotokola geni yakumanzere, nkubwerera m'mbuyo kuti amvetsere okha. Kwa iwonso kumanzere kunali kochepa, poti kunali kochepa masiku onse. Khutu lawo lakufa ndi bondo langa zinagwirizana. Anaonjezanso. Ine ndinali chigwirire bondo, ndikudziuza kuti ndikupulumutsa nyumba yathu. Anaonjeza kachitatu. Pomaliza mawu akuzenera anafika pofanana ndi a pambali panga, ndipo ndinapinda manja.

Bwana Chavula anabwerera, anakhala pampando wawo, nkutsinzina. Sipanatenge nthawi, nsidze zawo zinakumana. Anadzuka nkutsitsa voliyumu, anakhalanso. Ngakhale ine ndinamva tsopano kuti mayi uja akakweza mawu, kuzenera kunkamveka ngati pepala likung'ambika. Kutsitsa voliyumu kuja sikunachiritse kanthu.

"A Mulipa," bwana anatero, "mayiyu bwanji waima pazenera? Ndipo wagwidwa chifuwa."

Ababa anaima kumbuyo kwa mpando, anapendeketsa mutu ngati munthu amene akumvetsera ndithu. "Ali pakati, bwana."

"Pakati?"

"Kwa ine ali pakati, bwana. Mwina mavalavu sanafunde."

Bwana anawayang'ana kwa kanthawi. Kenako anachotsa singano pachimbale, m'chipindamo nkukhalanso zii. Ababa anawerama pa ampulifaya nkumagwiragwira mawaya amene analibe vuto lililonse. Bwana anazungulira nkuima kumanzere kwawo, pafupi kwambiri, nkunena motsitsa mawu kuti, "A Mulipa, tiyi mumwa?"

Ine kukhomo ndinamva bwinobwino. Ababa sanatembenuke.

"A Mulipa, tiyi mumwa?"

Chimene chinachitika kenako sindinachiganize. Chinangotuluka, monga chinkatulukira kunyumba tsiku lililonse mlendo akalankhula ababa osamva.

"Ababa! Akuti tiyi mumwa!"

Mawu anga aja, a mufakitale, anadzaza balaza lonse. Ababa anadzidzimuka, anatembenuka, nkupeza bwana ali paphewa pawo. Anandiyang'ana ine, anayang'ana bwana, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa. Pamoyo wanga ndachitapo manyazi kambirimbiri, koma a tsiku limenelo ndi amene amandidzutsabe thukuta. Ndinali nditatumidwa kudzabisa chinthu chimodzi chokha, ndipo ndinachiulula ndi bondo, nkuchibwerezanso ndi pakamwa.

"Zinayamba liti?" bwana anafunsa, tsopano ataima kumanja kwawo.

Ababa anavula kapusi. "Dzinja lathali, bwana."

"Ndiye mwanayu ndiye khutu lanu?"

"Eya, bwana."

"Nanga khutu mumaliika pakhomo?" Bwana anatembenukira kwa ine. "Dzina lako ndani?"

"Estere," ndinanong'ona, moti anachita kufunsanso.

"Estere, bwera ukhale apa."

Analoza mpando wawo. Ine ndinakanirira pansi, mutu nditaweramitsa. Ababa ndiwo anati, "Khala, mwanawe," ndi mawu amene sindinawamvepo, otopa. Ndinadutsa pakapeti paja ndikusiya zala zofiira, nkukwera pampando. Chikopa chinali chozizira kumiyendo, ndipo mapazi anga ankalendewera osafika pansi, poyera, aliyense akuwaona.

Ababa anabweza mageni onse awiri pansi, nkuyambiranso. Bwana anati ndizinena ndi pakamwa, za mawondo zitha. Chimbale chitayamba, ndinati kumanzere kwachuluka pang'ono. Anatsitsa. Ndinati kwachepa. Anabweza kadontho. Ndipo ndinamumva mayi uja akuchoka pazenera, akuyenda, mpaka anaima patsogolo panga, pamene panalibe sipika iliyonse. Kung'ambika kuja kunatha. Ndinkamva mpweya umene ankakoka asanayambe mzere, ndi chala chikutsetsereka pa waya wa gitala. Sindinamveponso chinthu chokoma chotero, ndipo ndinachimva misozi ikutsikira m'khosi. Ndinapinda manja mwachizolowezi. Bwana anagwada pambali pa mpando, mutu wawo pafupi ndi wanga, anamvetsera, nkunena kuti, "Ndi pomwepo."

Tinamwa tiyi uja kukhitchini, wamkaka, koma sindikumbukira kukoma kwake. Pobwerera chiperoni chinali chitakula, mizere ya tiyi ikuzimiririka m'nkhungu. Ndinkayenda kumbuyo kwa ababa ndikudikira mbama, kapena mawu. Tinadutsa pamlatho. Titayandikira fakitale, fungo la masamba owamba litayamba kumveka, anaima nkundisendezera kumanja kwawo.

"Leka kulira," anatero. "Khutu lako silinaname. Linanena zomwe zimamveka pakhomo."

"Ndikanakhala pakati, ababa."

"Anakuphunzitsa kugwada pakhomo ndani? Si ine ndi amayi ako?" Anapukuta madzi kumaso ndi kapusi. "Inenso mpando uja ndinauona."

Nkhaniyo sanaibwerezepo mpaka lero.

Bwana Chavula sanali munthu woipa. Sabata yotsatira anawatumiza ababa kuchipatala cha mishoni kuti akawayeze, ndipo kumeneko anawauza kuti akakhalabe pafupi ndi makina, khutu linalo litsatira. Bwana anaonjeza kuti munthu wosamva mnzake akakuwa angasiye mkono m'malamba a makina. Anawasamutsira kunazale, kukayang'anira mbande za tiyi, kumene phokoso lalikulu linali la madzi a m'keni yothirira. Koma nyumba ya njerwa inali ya fita, ndipo fita watsopano anali kale m'njira. Tinasamukira kumalaini pa thirakitala, katundu wathu ali poyera. Ana amene tinkawadutsa mapewa ali m'mwamba anatilandira ndi nyimbo yoti ana a magetsi abwera, ndipo sindingawadzudzule. Ampulifaya ija inalibenso poilumikiza. Amayi anaifunditsa chitenje nkumaikapo mbale. Sanandikalipire, koma mwezi wonse ankandilankhula m'Chilomwe chokhachokha.

Kwa zaka zambiri ndinkatsitsa mawu mpaka aphunzitsi kumandifunsa ngati ndikudwala. Ndikalowa m'nyumba ya munthu ndinkayamba ndayang'ana mapazi anga. Ndinkaganiza kuti chimene chinatichotsa m'nyumba ya magetsi ndi pakamwa panga. Zinanditengera nthawi yaitali kuona kuti khutu la ababa likanadziwika ndithu, kaya tsiku limenelo kaya lina, mwinanso mkono utapita kale. Pofika pamene ndinakuwa paja, zinthu zinali zitaphwanyika kale polowera, pamene tonse awiri tinauona mpando nkuuopa. Ulemu ndi manyazi zimagwada mofanana, moti ngakhale wogwadayo sadziwa kuti chamugwaditsa ndi chiti. Ndimakhulupirirabe kuti mwana azilemekeza akulu. Koma ndinaphunzira kuti munthu akakutuma kuti umumvetserere, uyenera kukhala pamene pakumveka zoona, ngakhale mapazi ako ali ndi matope. Ukamvetsera uli pakhomo, unena zoona za pakhomo, ndipo amene akukudalirayo apotokola kolakwika.

Ndimanena zimenezi ngati ndinaziphunzira nkumaliza. Tsopano ndine mphunzitsi, nyumba ya sukulu ili ndi magetsi, ndipo ampulifaya ija ili kwathu kuno. Ababa akalamba, amakhala ku Chimaliro, koma khutu lakumanja likugwirabe. Atabwera kudzationa miyezi yapitayi, anaivundukula, anapukuta mavalavu ndi kansalu, nkuyatsa. Fungo lija la fumbi lopsa linandibwezera kuseri kwa fakitale. Kenako anaitana mwana wanga wamkazi, amene ali ndi zaka zomwe ndinali nazo ine nthawi ija.

"Tadala, bwera undibwereke khutu."

Tadala analowa, anaona agogo ake, anaona alendo awiri amene anali pasofa, nkugwada bwinobwino pafupi ndi khomo, mapazi atawabisa m'diresi. Anagwada mokongola, monga ndinamuphunzitsira ine ndemwe. Ine ndinali chikhalire pampando, ndipo kutentha kuja kunandikweranso m'khosi.

Ababa anamuyang'ana mwanayo, kenako anandiyang'ana ine. Ndipo ndi mawu awo aakulu aja, amene sanawatsitsepo chichokere mufakitale, anati, "Estere, dzuka pampandopo. Ukokere pakati, mwanayu akhalepo."